Phulusa M'dimba la Apongozi

9 Juni

Amake Mafunso,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa mwana wathu Mafunso ndi wa amayi. Nanga miyendo ija yasiya kutupa? Musamabise, munthu woyembekezera sapirira ngati mwala. Ine kuno ndili bwino, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo chifukwa ntchito ndaipeza. Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikuyenda geti ndi geti. Zina zomwe ndinaona m'masiku amenewo tidzakamba pamaso, zapita.

Ndalembedwa pamalo popangira magetsi. Amawotcha malasha, osati makala athu a mitengo ayi, koma miyala yakuda yochita kukumba pansi pa nthaka. Moto ukadya zake, chotsala ndi phulusa, ndipo phulusalo ndiye munda wanga. Lilipo la mitundu iwiri. Lina ndi lokhakhala ngati mchenga, limagwera pansi pa ng'anjo. Lina ndi losalala kuposa ufa, limafuna kuthawira m'chumuni koma amalikola lisanatuluke. Lonseli limakwera pa lamba wautali kupita kuchidambo chachikulu chomwe amati damu la phulusa. Ine ndimayenda m'mbali mwa lambayo ndi fosholo, kubwezera lomwe lagwa. Poweruka tonse timakhala mbuu, kuyambira tsitsi mpaka nsidze. Mukanandiona mukanati munakwatiwa ndi agogo anga.

Tikugona anthu anayi m'chipinda chimodzi, mabedi osanjikiza. Pansi pa bedi langa pamagona mkulu wina yemwe tonse timangomuti Madevu. Wagwira m'phulusa zaka makumi awiri. Ndi iyeyu amene anandiphunzitsa kumata pakamwa pa magambutsi ndi nsanza kuti fumbi lisalowe. Amaliza mkonono ngati chigayo, koma ndi munthu wabwino.

Kangachepe komwe ndatumiza muyambe mwapita nako kusikelo, zina pambuyo. Amisiri muwauze kuti za pansi pa nyumba sindinaiwale. Mwanayo asadzakwawe pa dothi monga anachitira mkulu wake.

Mafunso akafunsa kuti ababa akutani, mumuuze kuti akusesa pakhomo pa magetsi.

Ndine amuna anu.


14 Julayi

Amake Mafunso,

Kalata yanu ndinailandira ndipo ndasangalala kumva kuti anamwino akuti zonse zili bwino. Amayi muwapatse moni. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa kam'mawa komwe aliyense kuno ali nako. Si nkhani.

Kalata ino ikubwera ndi adalaivala aja a lole omwe anandithandiza pobwera. Abweretsanso matumba asanu ndi limodzi. Musadabwe mukamasula, muli phulusa. Kuno oumba mabuloko amabwera ndi magalimoto kudzalitenga, chifukwa ukalisakaniza ndi simenti chinthu chimalimba koposa, komanso simenti imapita patali. Ife antchito amatilola kutapako, bola akapitawo akulembere kapepala koonetsa pageti. Madevu anamangira nalo nyumba kwawo, akuti mpaka lero palibe mng'alu. Ndiye ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndisiyirenji chinthu chaulere pomwe lole ikubwerera yopanda katundu?

Amisiri muwauze chonchi: mafosholo atatu a simenti, imodzi ya phulusa, kenako mchenga ndi miyala monga mwa masiku onse. Akayamba makani muwauze kuti ndaona ndi maso anga. Matumbawo muwaike pouma.

Nkhani ina yabwino ndi iyi. Pali mayi wina wa kulabu amene ntchito yake ndi kuyeza madzi. Anyamata amamuti Mayi Mabotolo. Ankafuna munthu womunyamulira katundu masiku awiri pa mlungu, wodziwa kulemba manambala ooneka. Akapitawo anatiuza tonse kuti tilembe tsiku la mwezi papepala, ndipo dzanja langa ndi lomwe linapambana. Mukumbukira mmene munkandiseka kuti ndimalemba ngati mtsikana? Lero zandichotsa m'fumbi Lachiwiri ndi Lachinayi.

Kuzungulira damu lija kuli zitsime khumi ndi ziwiri. Si zomwa ayi, ndi mipope chabe yolowa pansi, iliyonse ndi loko wake ndi nambala yake. Timatsegula, kupopa madzi oyamba n'kutaya, kenako kudzaza mabotolo n'kuwaika m'bokosi lozizira. Mayiyu salankhula zambiri, ndipo chomwe akufuna m'madzimo sindinamufunse. Madzi ake ndi oyera bwinobwino, oti munthu waludzu atha kumwa.

Musanyamule ndowa yodzaza. Alamu alipo, njinga ali nayo.

Ndine amuna anu.


21 Ogasiti

Amake Mafunso,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ndikudziwa kuti mwandikwiyira chifukwa cha zomwe ndinalankhula pa foni ya alamu dzana. Musang'ambe kalata ino musanafike kumapeto.

Lachiwiri Mayi Mabotolo anabwera nkhope ili gwaa. Anati tibwerere kuchitsime nambala 7 tikatungenso, chifukwa zotsatira zake sizinamusangalatse. Tsiku limenelo ndinalimba mtima n'kumufunsa kuti kodi timasaka chiyani m'madzi oyera chonchi. Anakhala pa bokosi lija n'kundifotokozera ngati mwana wasukulu. Akuti ukatapa mafosholo zana a phulusa lathuli, pafupifupi theka ndi chinthu chomwe chimapanga mchenga. Gawo lina lalikulu ndi chomwe chili m'dothi la mtapo. Kenako dzimbiri la chitsulo ndi laimu. Zimenezi zilibe mlandu waukulu, kupatula fumbi lake likalowa m'mapapo. Koma mulinso tina tochepa, toti pa mafosholo onsewo mwina tingangodzaza m'manja: aseniki, mtovu, boroni ndi tina ta maina ovuta. Timeneti tinali m'malasha kuyambira kale. Moto umadya zinazo, ito n'kutsala titaunjikana. Madzi akamadutsa m'phulusa amatisungunula n'kupita nato pansi.

Ndinafunsa kuti ndiye kuchuluka bwanji kuti munthu aope. Anati malamulo a madzi akumwa anaika malire. Aseniki asapitirire 10 pa lita, pa kamuyeso kawo kakang'ono zedi. Kuti ndimve, anati ndiganize theka la njere ya mpunga litasungunuka m'madilamu asanu a madzi. Pamenepo ndiye pamalire. Chitsime nambala 7 chinaonetsa 46. Sanunkha, samveka kukamwa, ndipo pa mlingo wotere sagwetsa munthu lero. Amadya pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo amafika ngakhale kwa mwana wa m'mimba. Mabanja omwe amakhala kuseri kwa mpanda mbali imeneyo ayamba kale kuwatumizira madzi pa thanki.

Ndikufika kuchipinda ndinapeza kalata yanu pabedi. Munalemba mosangalala kuti pansi pa nyumba patha, matumba atatu anatsala, ndipo amayi amwaza awiri m'dimba lawo lija la pafupi ndi chitsime. Munatinso atapako beseni limodzi loti adzasungunule pofewetsera masamba pophika. Ndinathamanga kukaimba ndisanavule n'komwe ovololo.

Amayi atatenga foni n'kunena kuti phulusa ndi phulusa, akhala akuthira m'dimba ine ndisanabadwe, ndinawakalipira. Mawu aja akuti "Mukufuna kundiphera ana?" anatuluka okha. Ndinamva foni ikuikidwa pansi. Sindikudziikira kumbuyo. Mkamwini salankhula choncho.

Koma chimodzi chandigonetsa tulo: alamu anditsimikizira kuti beseni lija simunaligwiritse ntchito. Ndinawafunsa katatu. Pamenepo ndiye ndinayamba kupuma.

Tsono chitani izi. Madzi a pachitsime musamwe kapena kuphikira, alamu azikatunga kumjigo wa kusukulu. Dimba lisathiriridwe, masamba ake musadye. Beseni lija ndi thumba lotsalalo mumange bwino muike pomwe Mafunso ndi nkhuku safika. Nyumba musaiope, ndafunsa. Akuti simenti imamanga tinthu tija ngati m'ndende.

Safunsa anadya phula. Ine ndinatumiza phulalo kwathu pa lole.

Ndine amuna anu.


4 Seputembala

Amake Mafunso,

Moni nonse. Zikomo poyankha, ngakhale kalata yake inali ya mizere isanu. Ndaiwerenga kangapo. Zoti amayi sakutchula dzina langa ndamva, ndipo sindikuwadandaula.

Adalaivala akupatsani kabokosi. Muli mabotolo awiri ochokera kulabu ndi timapepala tapulasitiki titatu. Alamu achite ndendende monga ndikulembera. Botolo alitsuke katatu ndi madzi a pachitsime omwewo, osati ndi sopo. Alidzaze mpaka pakamwa, atseke, alembe tsiku. Asagwire mkati mwa chivindikiro. Dothi atape m'ngodya zinayi za dimba ndi pakati, asakanize, aike m'kapepala kamodzi. M'kachiwiri aike dothi la pansi, akumbe kufika m'chigongono. M'kachitatu aike phulusa la m'thumba lotsala lija. Lole ikubwerera Lachisanu, zisatsale.

Kuti mabotolowa apezeke ndinachita kumuuza Mayi Mabotolo zonse. Anandimvetsera osandidula. Kenako anati ayeza, koma ayenera kulemba lipoti kwa akuluakulu, chifukwa phulusalo linatuluka pageti la kampani. Ndinamuchonderera kuti zithere pakati pathu. Ndinamuuza kuti ntchito ndaipeza movutikira ndipo kunyumba kuli munthu woyembekezera.

"Ndikabisa lanu," anatero, "la anzanu lomwe lili m'madimba ena adzaliona ndani?"

Pambuyo pake ndinazindikira kuti kunena zoona si ine ndekha amene ndinatumiza kumudzi.

Andiitana ku ofesi Lachiwiri likubwerali. Musade nkhawa ndi zimenezo, ndi zongofunsana. Komabe za zitsulo za pawindo zija muyambe mwaimitsa kaye, ndi malata a khonde omwe. Tidzaona mwezi ukatha.

Madevu akuti ndikupatseni moni. Iyenso wakhala chete masiku ano. Analembera mkazi wake kufunsa komwe kunapita matumba otsala pomwe ankamanga, ndipo yankho silinabwere.

Mwati Mafunso akufunsa chifukwa chomwe agogo ake akukhalira okha kuseri kwa nyumba. Mumuuze kuti ababa analakwitsa, adzakonza.

Ndine amuna anu.


29 Seputembala

Amake Mafunso,

Khalani pansi muwerenge bwino, nkhani ndi yabwino. Ndikhulupirira muli bwino ndipo masiku akuyandikira mwamtendere. Ine ndili bwino kuposa masiku onse omwe ndakhala kuno.

Zotsatira zatuluka dzulo. Mayi Mabotolo anandiitanira m'labu momwe, malo omwe sindinalowemo chiyambire. Ndi kachipinda kozizira, matebulo oyera, makina akungolira pang'onopang'ono ngati njuchi. Ananditsogolera papepala ndi chala, mzere ndi mzere. Madzi a pachitsime chathu aseniki ndi 2. Malire paja ndi 10. Mtovu ndi wochepa moti makina sanauone n'komwe. Boroni ali pansi pa malire. Ndinamupempha kuti abwereze, anabwereza. Kenako ndinapezeka ndakhala pampando wake wozungulira uja osapemphedwa, iye n'kungondisiya.

Tsono mutha kumwa? Akuti inde, koma popeza inu muli chonchi, ndipo mvula sinagwe kuti itsuke dimbalo, ndi bwino mupitirize ndi a kumjigo mpaka tidzayezenso mvula yoyamba ikadutsa. Alamu apirire pang'ono. Ndikudziwa kuti tayala lakumbuyo latha, ndawaikira lina mu lole.

Dothi la pansi lija lilibe vuto. La pamwamba ndi lomwe lili ndi phulusa lambiri. Akuti lipalidwe kuya kwa chikhatho, mvula isanabwere. Wopalayo ayambe wawaza madzi pang'ono kuti fumbi lisabuke, amange nsalu kukamwa ndi mphuno. Dothilo musakataye kudzala kapena kumtsinje. Amisiri alithire pansi pa khonde pomwe adzawake simenti, pamodzi ndi thumba lotsala lija ndi za m'beseni.

Pali nambala imodzi yomwe ndinalakalaka kukubisirani, koma ndi bwino muidziwe. Phulusa la m'thumba analiviika m'madzi n'kulikhutchumula pa makina kuyambira masana mpaka m'mawa mwake, kenako anayeza madziwo. Aseniki anafika 63. Amenewo ndiwo madzi omwe mukanafewetsera masamba. Kamodzi sikakanakuphani, watero mayiyu, koma beseni lija likanatha miyezi. Mulungu anatiyang'ana.

Za ku ofesi zinatha bwino. Ndinapita nditalongedza kale chikwama mumtima. Anali anthu atatu kuseri kwa tebulo. Anafunsa kuti matumba angati, ndani analoleza, anapita kuti. Mwayi wanga, kapepala ka akapitawo kaja ndinali nako, Madevu ndiye anandiuza kalekale kuti pepala la pageti sataya. Sanandichotse. Wamkulu wawo anangoti ndikanabwera msanga. Tsopano aika lamulo loti phulusa lizipita kwa oumba mabuloko okha, ndipo aliyense amene anatumizako kwawo akalembetse kuti amuuze chochita. Alembetsa anthu khumi ndi anayi. Mmodzi anali atathira m'khola la nkhumba.

Si onse akusangalala nane. Ena ankagulitsa matumbawo kunja kwa geti. Patebulo la chakudya malo amakhala ambiri mbali yanga masiku ano, ndipo magambutsi anga ndimagona nawo kumutu. Koma zimenezo ndi mphepo chabe, zidutsa.

Malata a khonde aja gulani.

Amayi muwawerengere manambalawa ngati angalole kumva.

Ndine amuna anu.


24 Novembala

Amake ana,

Onani mmene ndayambira. Kuyambira tsiku lija la 19 Okutobala ndakhala ndikufuna kulemba mawu amenewa ndi dzanja langa. Muli bwanji? Msana wasiya? Nanga mlendo wathu akuyamwa bwino? Mundikhululukire kuti ndatha milungu yonseyi ndi mafoni a mphindi ziwiri. Anthu awiri a kulabu anali patchuthi ndipo zitsime zonse zinali pamutu pathu.

Alamu ayenera kuti akundisekabe. Atandiuza kuti ndi mwamuna ndipo nonse muli bwino, ndinawauza kuti awerenge zala za mwanayo ine ndikumva. Anawerenga za m'manja, ndinati za kumapazinso. Anamwino akuti anafunsa ngati bambo ake ndi wogulitsa zala. Ndinkadziwa kuti madzi anali abwino, pepala ndinaliona ndi maso anga, koma mtima wa munthu suwerenga manambala.

Botolo lomwe munatunga mvula itagwa kachitatu lafika ndipo layezedwa. Aseniki ndi 3. Mayi Mabotolo akuti kusiyana kwa 2 ndi 3 kusatidetse nkhawa, madzi a m'nthaka amasinthasintha choncho ndi nyengo. Zina zonse zili pansi pa malire. Tsono imwani madzi a pachitsime chanu. Alamu apumule, njinga nayo ipumule. Chaka chamawa nthawi ngati ino tidzayezanso kamodzi, kungofuna kutsimikiza.

Kachifuwa kaja ndikuuzeni tsopano poti katha. Sikanali kakang'ono monga ndinkalembera. Mu Ogasiti ndinkadzuka nako kawiri katatu, ndipo tsiku lina ndinaona zomwe sindinazikonde pa kansalu. Kampani inatitumiza tonse a pa lamba kukajambulitsa m'chifuwa. Adokotala akuti mapapo anga ali bwino, kunali kukwiya kwa kukhosi chifukwa cha fumbi. Anandikalipira chifukwa chomavula masiki kukatentha. Panopa m'fumbi ndachokamo, andipatsa ntchito ya mabotolo masiku onse. Madevu chithunzi chake sichinatuluke bwino ngati changa. Amuchotsa pa lamba, akukhala pageti tsopano, ndipo akupita kuchipatala mwezi ndi mwezi. Iye akuti bola, pageti pali mpando. Mkazi wake anayankha kuti matumba otsala aja anamangira chimbudzi, ndiye kumeneko mtima wake uli pansi.

Chitsime nambala 7 achikumbira ngalande ndi pampu yobweza madzi kudamu. Chatsika kufika 31. Ulendo ukadalipo, ndipo mabanja aja akumwabe a pa thanki.

Tsono nkhani yomwe yandikhalitsa chete ndi yomwe munalemba kumapeto. Ine ndinkaganiza kuti dimba anapala ndi alamu. Mwati amayi anakana kuti wina aliyense aligwire. Mwati anamanga mpango kukamwa, n'kupala okha ndi khasu masiku anayi, n'kututa dothilo pamutu beseni ndi beseni mpaka pakhonde, munthu wa bondo lovuta uja. Ndiponso kuti chipalireni sanadzalemo kanthu, ndipo mwanayo amamunyamula pokhapokha mwachita kuwapatsa m'manja. Ndawerenga pamenepo ndili pa basi ya kuntchito ndipo ndinapitirira pageti.

Pa foni sindingathe, ndi foni yomweyo inandilakwitsa. Ndiwalembera kalata yawoyawo. Mudzawawerengere inuyo, pang'onopang'ono, musadumphe mawu ngakhale amodzi.

Mafunso mumuuze kuti funso lake lija, loti mwanayo anabwera pa lole kapena pa basi, ndidzayankha ndikabwera.

Ndine amuna anu.


8 Disembala

Amayi,

Ndagwada pansi polemba kalata ino. Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndipo bondo likukupatsani mpata. Ine mwana wanu kuno ndili bwino.

Amayi, ndinakulakwirani. Mawu omwe ndinalankhula pa foni mwezi wa Ogasiti si mawu oti munthu angauze amene anamuberekera mkazi. Ndinali ndi mantha, koma mantha si chilolezo. Inu mwalera ana asanu ndi dimba limenelo. Mafunso anabadwira m'manja mwanu ine ndili kutali, ndipo uyunso wabadwa inu muli pomwepo, ine kulibe. Munthu wotere ndi amene ndinamufunsa funso lija. Ndikachikumbukira ndimasowa poyang'ana.

Munanena kuti phulusa ndi phulusa. Pa phulusa lomwe inu mumalidziwa simunalakwe. Ndinafunsa kwa mayi amene amayeza zinthuzi, ndipo akuti la nkhuni ndi la mapesi lili ndi chakudya cha mbewu, anthu akhala akuthira m'minda kuyambira makolo. Mayi ake a mayiyo nawonso amathira. La malasha ndi lina, langobwereka dzina. Inu munalibe podziwira zimenezo. Amene anatumiza matumba opanda chizindikiro, osanena kuti ichi ndi cha simenti basi, ndine. Ine ndinkagwira phulusalo tsiku ndi tsiku, woyeza ndinkayenda naye, koma sindinafunse. Ngati pali amene anaika ana pangozi, si inu.

Ndamva zoti munapala dimba nokha. Dothi lomwe munasiya ndi labwino, linayezedwa. Chitsime chayezedwa kawiri, mvula isanagwe ndiponso itagwa, ndipo madzi ake ndi abwino. Pepala lake ndaika m'kalata muno kuti likhale lanu. Pomwe ndazunguliza ndi cholembera chofiira ndi pa nambala ya chitsime chanu, ndipo pambali pake ndi malire omwe malamulo amalola. Ngakhale osawerenga mutha kuona kuti yathu ndi ya nambala imodzi, yawoyo ndi ya manambala awiri.

Adalaivala akupatsani timapaketi tinayi ta mbewu: tomato, anyezi, kabichi ndi karoti. Wogulitsa anati karoti ndi wovuta kumera. Ndinamuuza kuti sakudziwa kumene akupita.

Tchuthi andipatsa kuyambira pa 20 mwezi uno, masiku khumi ndi awiri. Zopepesa zenizeni ndidzanena pamaso panu, alamu ali pomwepo, chifukwa iwonso anamva. Mukafuna kundikalipira ndidzakhala pansi mpaka mumalize. Koma ndili ndi pempho limodzi lomwe silingadikire. Mwanayo watha milungu isanu ndi iwiri tikungomuti mlendo. Ine ndi amake tagwirizana kuti dzina mumutche ndinu. Musadikire kuti ndifike. Ndikufuna ndikadzatsika basi, Mafunso adzandiuze dzina la mng'ono wake, ndipo ndidzalimve koyamba ngati mmene amvera aliyense.

Ndine mwana wanu,
mkamwini wanu.